Seva ya pakhomo ikavuta: poyambira kufufuza pa disiki, netiweki ndi ma VM

M'tauni muno anthu osunga seva pakhomo achuluka kuposa mmene ambiri tikuganizira. Wina ali ndi shopu ndipo mabuku a katundu ndi ngongole ali mmenemo. Wina ndi wojambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe, wina amasungira mpingo kapena sukulu mafayilo, winanso anangolumikizako makamera a pageti. Makina ake nthawi zambiri imakhala desktop yakale, Dell OptiPlex kapena HP EliteDesk yogula yogwirapo kale ntchito, yoikidwa pakona kuti izigwira usana ndi usiku. Ine ndimaitanidwa kawirikawiri kukaona makina otere, ndipo mavuto amene ndimawapeza ndi omwewomwewo. Ndiye ndati ndiwalembe pamodzi, kuti tsiku limene zinthu zathina mukhale ndi poyambira.

Zitsanzo zanga ndazitengera pa Proxmox VE poti ndi imene ndimaipeza kwambiri. Ndi pulogalamu yaulere yochokera ku kampani ya ku Vienna, ku Austria. Inatuluka koyamba mu 2008 ndipo inamangidwa pa Debian Linux. Ntchito yake ndi kuyendetsa makompyuta angapo m'kati mwa kompyuta imodzi, amene timawatcha ma VM. Ngati inu muli pa Debian kapena Ubuntu, zambiri za disiki ndi netiweki zigwira chimodzimodzi.

Mfundo yanga yaikulu ndi iyi: fufuzani kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Pansi penipeni pali magetsi ndi makina, pamwamba pake disiki, kenako netiweki, ndipo ma VM ali pamwamba ngati denga. Denga likapendama nthawi zambiri vuto limakhala ku zipupa kapena ku maziko. Anthu ambiri amayambira pa VM poti ndi pamene aonera vuto, n'kumaifufuta ndi kuikanso, pamene chimene chikudwala ndi disiki.

Musanakhudze chilichonse

Choyamba, musafomate ndipo musalole munthu wina kufomata. Mawu oti "tingoikanso zonse" ndi amene atayitsa anthu mafayilo ambiri kuposa disiki yakufa. Seva imene ikukana kuyaka nthawi zambiri mafayilo ake amakhala alipo onse.

Chachiwiri, lumikizani sikirini ndi kiyibodi ku seva yeniyeniyo. Musadalire zimene wakuuzani mwana kapena wantchito pa foni, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Jambulani ndi foni chilichonse chimene chalembedwa pa sikirini musanadine batani lililonse.

Chachitatu, dzifunseni kuti chasintha n'chiyani. Kodi magetsi anathima? Kunagwa mvula ya mphezi? Mwasintha rauta? Mwaonjezera disiki? Munapanga update? Pa mafunso asanu amenewa, yankho limakhala pa limodzi pafupifupi nthawi zonse.

Chachinayi, werengani zimene seva yalemba yokha. Lamulo la `journalctl -b -p err` limaonetsa zolakwika zonse kuyambira pamene makina ayaka. La `journalctl -b -1 -e` limaonetsa mizere yomaliza makina asanazime ulendo wapitawo. Ngati mizereyo yangodukira pakati, popanda mawu osonyeza kuti mapulogalamu amatsekedwa, ndiye kuti seva sinazimitsidwe mwadongosolo: kapena magetsi, kapena makina anauma okha. La `dmesg -T` limakuuzani zimene disiki, memori ndi khadi ya netiweki zikudandaula.

Ndipo pokonza, sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani m'kope. Mukasintha zitatu nthawi imodzi zinthu n'kuyenda, simudziwa chimene chakonza. Zikaipiraipira simudziwanso chobweza.

Magetsi, BIOS ndi kutentha

M'kati mwa desktop iliyonse muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032. Ndi kamene kamasunga nthawi ndi zimene munasankha mu BIOS makina akakhala opanda magetsi. Ku malo kumene magetsi sathima, kabatire kakufa sikaonekera msanga. Kuno kwathu kamaonekera tsiku lomwelo. Magetsi akathima maola angapo, BIOS imabwerera mmene inachokera ku fakitale, ndipo zizindikiro zake ndi zitatu: seva siyaka yokha magetsi akabwera, deti limabwerera zaka zammbuyo, ndipo nthawi zina ma VM onse amakana kuyamba.

Sinthani kabatireko, n'kotsika mtengo. Kenako lowani mu BIOS, konzani deti, ndipo pezani pamene pa Dell alemba AC Recovery, pa HP After Power Loss, musankhe Power On. Onetsetsaninso kuti Virtualization ndi yoyatsa. Mukalowa mu Linux onani nthawi ndi `timedatectl`. Deti lolakwika limachititsa kuti update ikane komanso mawebusayiti azinenedwa kuti ndi osadalirika, ndiye munthu umatha tsiku lonse ukusaka vuto la intaneti limene kulibe.

Za UPS ndinene mosabisa: ntchito yake si kuyendetsa seva mpaka magetsi abwere. Ntchito yake ndi kupatsa seva mphindi zoti itseke ma VM ndi kuzima bwinobwino. Gulani yokhala ndi doko la USB, ilumikizeni ku seva, ndipo ikani pulogalamu ya NUT kuti batire likatsika seva izizima yokha. Batire la m'kati mwa UPS limafooka pakapita zaka zochepa, makamaka kumene likugwira ntchito tsiku ndi tsiku, choncho muziliyesa pozula pulagi ya pakhoma mutatseka kaye ma VM ofunika. Amene muli ndi inveta ya sola, ngati seva imazima n'kuyakanso nthawi imene inveta ikulandira katundu, ikani UPS pakati.

Seva ikamazima yokha masana, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, tsegulani muone fumbi. Pukutani mafani, onani ngati akuzungulira, ndipo musaitsekere m'kabati. Ikamauma mosadziwika bwino, lero pano mawa pena, yesani memori ndi memtest86+ usiku wonse. Mzere wofiira ngakhale umodzi ndiye kuti memoriyo ndi yosintha.

Disiki: kudziwa ngati ikudwala

Disiki iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake, yotchedwa SMART. Onani mayina a madisiki anu ndi `lsblk -o NAME,SIZE,MODEL,SERIAL`, kenako lembani `smartctl -a /dev/sda`, kusintha sda ndi dzina la disiki imene mukuikayikira. Musasangalale ndi mawu oti PASSED a pamwamba. Disiki imatha kulemba PASSED ili pafupi kufa. Tsikani ku mizere ya manambala, muone gawo lomaliza la RAW_VALUE.

Nambala 5, Reallocated_Sector_Ct, ndi malo oonongeka amene disiki yawasiya n'kusamukira pena. Nambala 197, Current_Pending_Sector, ndi malo amene yalephera kuwerenga ndipo sinawasamutse. Nambala 198, Offline_Uncorrectable, ndi malo amene alephereka ndithu. Pa disiki yabwino zitatuzi zimakhala 0. Ngati 197 kapena 198 yadutsa 0, kapena 5 ikukwera sabata ndi sabata, yambani kusamutsa mafayilo lero.

Nambala 199, UDMA_CRC_Error_Count, ndi nkhani ina. Imeneyi nthawi zambiri imaloza kebulo ya SATA kapena doko lake, osati disiki. Sinthani kebulo, lembani nambala imene ilipo, muonenso pakatha masiku. Siibwerera pa 0, koma ikasiya kukwera ndiye kuti vuto latha. Ndaona madisiki abwinobwino atatayidwa chifukwa cha kakebulo kolobodoka.

Nambala 9, Power_On_Hours, imathandiza pogula. Chaka chimodzi chili ndi maola 8760, ndiye disiki yolemba 35000 yagwira ntchito zaka zinayi mosapuma, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndi yatsopano. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, choncho pemphani kuiyesa musanapereke ndalama. Pa SSD ya NVMe onani Percentage Used ndi Media and Data Integrity Errors. Kuti disiki idziyese yokha, `smartctl -t short` imatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, `smartctl -t long` imatenga maola.

Disiki ikayamba kugogoda, kapena `dmesg` ikamadzaza ndi mawu oti I/O error, zimitsani ma VM ndipo musayendetse pulogalamu iliyonse yokonza. Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu, komabe kuwerenga kulikonse kumaifupikitsira moyo. Pezani disiki ina yofanana kukula kapena yoposa, ndipo koperani yonse ndi GNU ddrescue, imene pa Debian imaikidwa ndi `apt install gddrescue`. Lamulo lake ndi `ddrescue -f -n /dev/sdb /dev/sdc map.log`. Dzina loyamba ndi la disiki yodwala, lachiwiri ndi la yatsopano. Mukawatembenuza mufufuta zonse, ndiye onani SERIAL kawiri musanadine Enter. Ubwino wa ddrescue ndi woti imayamba ndi malo owerengeka n'kudumpha ovuta, ndipo fayilo ya map.log imailola kupitiriza pamene inalekezera magetsi akathima. Zokonza zonse muzichitira pa kopeyo.

Seva ikaima panjira poyaka

Pali maimidwe awiri odziwika. Oyamba ndi pamene sikirini yalemba emergency mode. Kawirikawiri chachititsa ndi fayilo ya `/etc/fstab`: munalembamo disiki ya USB kapena yachiwiri, ndipo lero disikiyo palibe kapena yasintha dzina. Mayina ngati sda ndi sdb sakhazikika, amasinthana malinga ndi imene yaoneka koyamba. Lowani ndi pasiwedi ya root, lembani `mount -o remount,rw /`, tsegulani fstab, ikani chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere wa disikiyo, ndipo yatsaninso. Seva ikayaka, pezani UUID ya disikiyo ndi `blkid`, ilembeni m'malo mwa dzina, ndipo onjezerani mawu oti `nofail`. Ndi mawu amenewa seva imapitiriza kuyaka ngakhale disikiyo isapezeke. Yesani ndi `mount -a` musanazimitsenso.

Achiwiri ndi pamene mwagwera pa initramfs ndipo pamwamba palembedwa RUN fsck MANUALLY. Izi zimabwera magetsi akathima seva ili m'kati molemba. Pa Proxmox yoikidwa mwa nthawi zonse, lamulo ndi `fsck -y /dev/mapper/pve-root`, kenako `exit`. Malamulo awiri pa fsck: musaiyendetse pa gawo la disiki limene likugwiritsidwa ntchito, ndipo musaiyendetse pa disiki yogogoda. Seva ikadzuka, chinthu choyamba onani SMART. Ngati fsck ikufunidwa mobwerezabwereza magetsi asanathime n'komwe, kayikirani disiki kapena memori.

Amene munasankha ZFS simugwiritsa fsck. Lembani `zpool status`. Mawu oti DEGRADED akutanthauza kuti disiki imodzi yatuluka ndipo mukuyendera inayo; manambala a READ, WRITE ndi CKSUM akuyenera kukhala 0. Muziyendetsa `zpool scrub` mwezi ndi mwezi. Pogula madisiki a ZFS pewani a mtundu wa SMR, chifukwa amachedwa koopsa akamalembedwa mosalekeza. Mu 2020 Western Digital inavomera kuti ena mwa madisiki ake a WD Red anali a mtundu umenewu, ndiye dzina lokha silokwanira, fufuzani nambala ya model kuti ikhale CMR.

Disiki ikadzaza

Disiki yodzaza imadzionetsa ngati matenda ena. Tsamba la Proxmox limakana pasiwedi yolondola, bakapu imalephera, VM imangoima. Lembani `df -h`. Ngati mzere wa / uli pa 100%, sakani chimene chadya malo ndi `du -xh --max-depth=2 / | sort -h | tail`. Akuba malo odziwika ndi mabakapu akale mu `/var/lib/vz/dump`, mafayilo a ISO mu `/var/lib/vz/template/iso`, ndi ma log, amene mungawachepetse ndi `journalctl --vacuum-size=500M`.

Pali msampha wina umene umagwira anthu osamala omwe. Munakonza kuti bakapu izipita ku disiki ya USB. Tsiku lina disikiyo sinalumikizike, koma foda yake ikadalipo, ndiye bakapu yalembedwa mu fodayo pa disiki yaikulu mpaka kuidzaza. Mankhwala ake ndi `pvesm set bakapu --is_mountpoint yes`, kusintha mawu oti bakapu ndi dzina la storage yanu. Mukatero Proxmox imakana kulemba ngati disikiyo palibe.

Madisiki a ma VM amakhala pa local-lvm, ndipo `df` saionetsa. Lembani `lvs` muone Data% pa mzere wa data. Malo amenewa amakulolani kulonjeza ma VM malo oposa amene muli nawo, ngati katapila wobwereketsa ndalama imene alibe. Akafika 100%, ma VM amaima ndi chizindikiro cha io-error ndipo mafayilo a m'kati mwake amatha kuonongeka. Fufutani ma snapshot akale, chongani Discard pa disiki ya VM iliyonse, ndipo mu VM ya Linux lembani `fstrim -av` kuti malo a mafayilo ofufutidwa abwerere. Ine sindilola Data% kudutsa 80.

Netiweki: makwerero asanu

Seva ikasowa pa netiweki, kwerani makwerero awa mwandondomeko, muli pa kiyibodi ya seva.

Loyamba ndi waya. Kodi timagetsi ta pa doko tikuphethira? `ip -br a` ikalemba DOWN, sinthani kebulo ndi doko la pa rauta. Nthawi ya dzinja mphezi imalowera ku waya wa netiweki, makamaka wodutsa panja kupita ku nyumba ina, n'kuotcha doko lokha kompyuta n'kutsala yamoyo. Zikatero khadi ya netiweki yatsopano imakwanira.

Lachiwiri ndi dzina la khadi. Proxmox imamangirira khadi yeniyeni ku mlatho wotchedwa vmbr0, umene ma VM onse amadutsira. Mukaonjezera NVMe kapena khadi ina, dzina ngati enp2s0 limatha kusintha kukhala enp3s0, ndipo mlatho umatsala ukudikira khadi imene kulibe. Yerekezani dzina la pa `ip -br a` ndi limene lili pa mzere wa bridge-ports mu `/etc/network/interfaces`, konzani paliponse pamene dzina lakale lalembedwa, kenako `ifreload -a`.

Lachitatu ndi rauta. Onani adiresi yake ndi `ip route`, ndipo iyeseni ndi `ping`. Apa ndi pamene amagwa amene asintha rauta. Seva ili ndi adiresi yokhazikika, mwachitsanzo 192.168.1.50, pamene rauta yatsopano ya Huawei ikugawa maadiresi oyamba ndi 192.168.8. Onse ndi amoyo koma sakumvana. Konzani adiresi ndi gateway mu fayilo yomwe ija, musaiwale `/etc/hosts` ndi `/etc/resolv.conf`, kapena sinthani rauta kuti itsatire maadiresi akale, zimene n'zosavuta ngati muli ndi ma VM ambiri.

Lachinayi ndi kunja. `ping 1.1.1.1` ikakana pamene rauta ikuyankha, seva ilibe mlandu. Onani siginecha ya netiweki pa rauta, ndipo onani bandulo. VM ya Windows imatha kumaliza bandulo usiku umodzi ndi ma update, choncho iikeni pa metered connection.

Lachisanu ndi mayina. Ngati 1.1.1.1 ikuyankha koma `ping debian.org` ikukana, vuto ndi DNS. Lembani `nameserver 1.1.1.1` mu `/etc/resolv.conf`.

Zonse zikayenda koma tsamba la Proxmox silikutseguka, kumbukirani kuti adiresi yake imayamba ndi https ndipo imathera ndi :8006. Kenako onani `systemctl status pveproxy pve-cluster`, ndi `df -h` ija.

Netiweki yodukaduka kapena yochedwa

Ikamabwera n'kumachoka, kayikirani kuti zipangizo ziwiri zikulimbirana adiresi imodzi. Kuyesa kwake n'kosavuta: zulani waya wa seva, ndipo pa laputopu chitani ping ku adiresi ya sevayo. Ikayankha, pali foni kapena TV imene yapatsidwa adiresiyo ndi rauta. Sankhirani seva adiresi ya kunja kwa gulu limene rauta imagawa.

Ngati `dmesg` ikulemba Detected Hardware Unit Hang pamodzi ndi e1000e, limenelo ndi vuto lodziwika la makhadi ena a Intel, amene amapezeka kwambiri mu ma OptiPlex ndi ma EliteDesk. Yesani `ethtool -K eno1 tso off gso off`, kusintha eno1 ndi dzina la khadi yanu. Kuduka kukasiya, lembani lamulo lomwelo ndi mawu oti post-up kutsogolo kwake pansi pa khadiyo mu `/etc/network/interfaces`, kuti lizigwira nthawi zonse seva ikayaka.

Kukopera mafayilo kukamaima pa 11 kapena 12 MB pa sekondi, lembani `ethtool eno1` muone Speed. Ikalemba 100Mb/s m'malo mwa 1000Mb/s, nthawi zambiri ndi kebulo. Gigabit imafuna timawaya tonse 8, pamene 100 imayenda ndi 4, ndiye kamodzi kakaduka liwiro limatsika mwakachetechete. Kebulo isapitirire mamita 100. Onaninso rauta, chifukwa ena otsika mtengo madoko awo amalekera pa 100 pomwepo.

Zinthu ziwiri zimene anthu amataya nazo nthawi pachabe: mlatho wa vmbr0 sugwira pa WiFi mmene umagwirira pa waya, ndiye kokani waya basi. Ndipo ngati mukufuna kufika pa seva muli kutali koma port forwarding ikukana, onani adiresi ya WAN pa rauta. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena yoyamba ndi 10, mukugawana adiresi ya kunja ndi makasitomala ena, monga zimakhalira pa intaneti yambiri ya SIM khadi. Palibe chimene mungasinthe pa rauta kuti zitheke. Tailscale imadutsa vutoli, ndipo ndi yotetezeka kuposa kutsegulira dziko lonse doko la 8006.

Ma VM

Pofika pano disiki ndi netiweki mwaziona, tsono tikwere pa denga. Lembani `qm list` kuti muone manambala, kenako `qm start 100`, ndipo werengani yankho lake.

Likanena kuti KVM virtualisation configured, but not available, bwererani ku BIOS. Pa Intel yatsani VT-x, pa AMD yatsani SVM, ndipo kumbukirani kabatire kaja.

Likanena kuti VM is locked, ndiye kuti bakapu kapena snapshot inadukira panjira. Onetsetsani pa Tasks kuti palibe imene ikuyenda, kenako `qm unlock 100`.

Likadandaula za storage kapena volume, onani `pvesm status`. Nthawi zina chimene chikusowa ndi ISO chabe imene inatsala mu CD ya VM, ndipo mumangosankha Do not use any media.

VM ikamafa yokha popanda uthenga, sakani mawu oti Out of memory mu `dmesg -T`. Memori ikatha, Linux imapha pulogalamu yodya kwambiri, ndipo imeneyo imakhala VM yanu yaikulu. Phatikizani memori ya ma VM onse, musiyire Proxmox 2 GB, ndipo ngati muli ndi ZFS onjezerani pafupifupi 1 GB pa 1 TB iliyonse. Pa makina a 16 GB simungagawe 16 GB yonse.

VM ikamakana kuzima mukadina Shutdown, ikani qemu-guest-agent m'kati mwake ndipo chongani QEMU Guest Agent pa Options. Batani la Stop lili ngati kuzula pulagi, ligwiritseni pokhapokha zina zonse zakanika. Izi n'zofunikanso pa UPS, chifukwa VM yosamvera imachedwetsa seva kuzima mpaka batire kutha.

Windows ikamanena kuti sikuona disiki poiika, ikufuna madalaivala a VirtIO. Lumikizani ISO ya virtio-win ngati CD yachiwiri, musankhe foda ya vioscsi, ndipo ya netiweki ili mu NetKVM. Windows yosamutsidwa kuchokera ku kompyuta ina ikamagwa ndi INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, lumikizani disiki yake ngati SATA kaye. Ikapanda kupeza poyambira n'komwe, onani ngati BIOS ya VM ikugwirizana ndi mmene inaikidwira, SeaBIOS kapena OVMF. VM ya Windows ikakhala ndi adiresi yoyamba ndi 169.254, sinalandire adiresi kwa rauta; onani ngati khadi yake ili pa vmbr0.

Ma VM onse akamachedwa pamodzi, onani IO delay pa Summary. Ikakwera pamene CPU ili phee, chikulephera ndi disiki. Disiki yozungulira imakwanitsa ntchito mwina 100 pa sekondi, SSD masauzande ambiri, ndiye ma VM akhale pa SSD, yozungulira isunge mafayilo ndi bakapu. Musakopeke ndi malangizo oti musinthe Cache kukhala Write back unsafe. Liwiro limakweradi, koma magetsi akathima zimene zinali zisanalembedwe zimapita, ndipo kuno funso si loti kaya athima. Isiyeni pa No cache.

Pomaliza, chongani Start at boot pa VM iliyonse yofunika, ndipo ikani Start order kuti yosunga mafayilo iziyamba, zodalira iyo zizibwera pambuyo.

Bakapu

Zonse ndalembazi zimakhala ntchito ya ola limodzi kwa munthu amene ali ndi bakapu, ndipo zimakhala maliro kwa amene alibe. Snapshot si bakapu, chifukwa ili pa disiki yomweyo. Madisiki awiri oyenderana si bakapu, chifukwa mukafufuta fayilo imafufutika konse, ndipo wakuba kapena mphezi amatenga onse awiri. Konzani pa Datacenter ndi Backup kuti izichitika yokha pa ola limene magetsi amakonda kukhalapo kwanuko, musunge makope angapo, ndipo disiki ina izikhala kunja kwa nyumba, kwa m'bale kapena ku ofesi, muzisinthanitsa sabata ndi sabata.

Bakapu imene simunaiyese musaidalire. Kamodzi pa miyezi itatu, ibwezeretseni pa nambala ina ngati 900, chotsani khadi yake ya netiweki kuti isalimbirane adiresi ndi yeniyeni, iyatseni, tsegulani mafayilo awiri atatu, kenako ifufuteni. Sunganinso pa fulashi makope a `/etc/network/interfaces`, `/etc/fstab`, `/etc/pve/storage.cfg` ndi foda ya `/etc/pve/qemu-server`. Ndi timafayilo tating'ono koma timafupikitsa kumanganso seva.

Zikakukanikani n'kufuna kuitana wokonza, mukonzereni chithunzi cha sikirini, zotsatira za `smartctl`, ndi kope lolembamo zimene mwayesa kale. Mufunseni chimene akufuna kuchita asanachite, ndipo asanakhudze disiki imene ili ndi mafayilo anu aikopere kaye. Akakana kukopera, zimitsani seva musake wina.